Makina anzeru azitha kuyankha funso loti "chifukwa chiyani?"

Chiyambireni November 2022 pamene ChatGPT idatulutsidwa, mawu oti AI afala ngati moto wa m'tchire. Achinyamata a ku Bangwe ndi ku Machinjiri akulembetsa makalata ofunsira ntchito kwa lamya, ena akumasuliritsa mauthenga a mabwana awo a ku Johannesburg, ndipo ambirife tafika poganiza kuti nzeru za makina ndi kucheza kumeneku basi. Sabata ino ndati tikambeko za mtundu wina wa AI, wakale kuposa umenewu komanso wosalongolola, umene ine ndikuona kuti ndi woyenera kuukhulupirira pa nkhani za moyo ndi imfa. Akatswiri amautcha description logics. Dzinalo lisakuopseni. Mwachidule ndi luso lolembera kompyuta matanthauzo a zinthu mosazungulira, kuti iyo izitha kutulutsa mfundo zatsopano kuchokera m'matanthauzowo ndi kuonetsa njira imene yadzera.

Tiyambire pakhomo, chifukwa msuweni wake wa luso limeneli adafika kale m'zipatala zathu zing'onozing'ono.

Amayi amene adaberekapo mwana wodwala kupita naye kuchipatala m'mamawa akudziwa lamulo la pamzere: wafika msanga ndiye alowe msanga. Lamuloli limaoneka lachilungamo, koma limapha. Mwana amene akubanika akhoza kukhala wa nambala 80, kumbuyo kwa ana a zipere ndi chimfine, n'kutsirizikira pabenchi dokotala asanamuone. Madokotala a ana pachipatala cha Queen Elizabeth, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, adalimbana ndi vutoli posankhula ana pakhomo penipeni malinga ndi kukula kwa matenda awo. Lipoti lawo la mu 2006 lidaonetsa kuti atakonza kalandiridwe ka ana odwalitsitsa, imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 mwa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8. Njira yosankhulirayi, yotchedwa ETAT, bungwe la WHO lidaitenga mu 2005 n'kuyamba kuiphunzitsa m'maiko ena. Idakulira kuno ku Blantyre.

ETAT imagawa ana patatu. Wangozi ndi mwana amene akubanika, wakomoka, akugwa linjirinjiri, wazizira manja ndipo mtima ukugunda mofooka, kapena watha madzi m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba. Uyu sadikira. Wachangu ndi khanda losakwana miyezi 2, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera m'manja chifukwa chochepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni, ndi ena otero. Uyu apititsidwe kutsogolo. Otsala onse akhale pamzere.

Cha mu 2012, bungwe la Meningitis Research Foundation pamodzi ndi Malawi-Liverpool-Wellcome Trust adaika mafunso a ETAT m'lamya za m'manja n'kuzipereka kwa alangizi a zaumoyo m'zipatala za Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Mpemba. Ntchitoyi idatchedwa Chipatala Robot potengera maloboti a pamsewu: kufiira, chikasu ndi kubiriwira. Mlangizi ankayendera mzere, kufunsa mayi, kuyang'ana mwana, kudina mayankho, lamya n'kunena gulu la mwanayo. Lamyayo sidaphunzire udokotala. Idangosunga matanthauzo atatu olembedwa bwino, n'kumayeza mwana aliyense pa matanthauzowo. Mayi wa kutsogolo akadandaula kuti bwanji uyu wandipitirira, yankho lidalipo lomveka: mwana uyu akubanika, wanu sakubanika.

Chipatala Robot idali mndandanda wa mafunso ochepa. Nanga matanthauzo akachuluka kufika zikwi mazanamazana, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana kwa zaka zambiri, ndani angaonetsetse kuti sakutsutsana? Ntchito ya description logics yagona pamenepa.

Kuti timvane, tisiye kaye zachipatala titenge chibale, chimene Mmalawi aliyense ndi katswiri wake. M'lusoli muli zinthu zitatu zokha. Pali magulu, monga mwamuna, mkazi, kholo. Pali maubale, monga kubereka, kapena kukhala mlongo wa wina. Ndiye pali anthu enieniwo, uje ndi uje. Zimenezi zimaikidwa m'mabokosi awiri. Bokosi loyamba, limene eniake amalitcha TBox, ndi la matanthauzo. Mmenemo tingalembe kuti malume ndi mwamuna amene ali mlongo wa mayi ako, azakhali ndi mkazi amene ali mlongo wa bambo ako, msuweni ndi mwana wa malume kapena wa azakhali, ndipo munthu sangakhale mwamuna komanso mkazi nthawi imodzi. Bokosi lachiwiri, ABox, ndi la zimene tikudziwa za anthu enieni: bambo akutiakuti a ku Chilomoni ndi mlongo wa mayi anu, ndipo ali ndi mwana wamkazi.

Mukatero mwamaliza mbali yanu. Pulogalamu yoganiza imatenga mabokosi awiriwo n'kukuuzani kuti bambo a ku Chilomoni aja ndi malume anu, ndipo mtsikana uja ndi msuweni wanu, pamene inu simudalembe zimenezo paliponse. Imathanso kuona za magulu okhaokha popanda dzina la munthu, mwachitsanzo kuti msuweni aliyense ali ndi kholo limene lili ndi mlongo. Chachitatu ndicho ndimachikonda: kalaliki wina akalakwitsa n'kulemba bambo omwe aja kuti ndi azakhali anu, pulogalamuyo imaima n'kunena kuti pano pali bodza, chifukwa azakhali ndi mkazi, malume ndi mwamuna, ndipo mudanena nokha kuti munthu sangakhale zonse ziwiri. Agogo athu amachita zomwezi pamaliro akamalongosola kuti uyu akhale kuti, uyu alankhule liti. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo amasunga mbumba imodzi m'mutu, pamene kompyuta ikhoza kusunga dziko lonse osasokoneza.

Lusoli lidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ku America, pamene Ronald Brachman adapanga pulogalamu yotchedwa KL-ONE. Posakhalitsa padaoneka vuto. Mu 1984 Brachman ndi mnzake Hector Levesque adaonetsa kuti ukangowonjezera pang'ono zimene chilankhulo cha matanthauzo chingathe kunena, ntchito yoganiza imatha kukula koopsa. Mu 1989 Manfred Schmidt-Schauß wa ku Germany adatsimikiza kuti KL-ONE yeniyeniyo idali yotakata mopitirira, moti panali mafunso ena amene kompyuta ikadatha kuwalingalira mpaka kalekale osafika pa yankho. Zili ngati mlandu wa kwa amfumu umene aliyense waloledwa kufukula za makolo ake onse: dzuwa limalowa chigamulo chisanaperekedwe. Choncho akatswiri adasankha dala kumanga chilankhulo chochepa, chimene sichinena zonse, koma chimene ukachifunsa funso yankho limabwera ndithu, ndipo limakhala lotsatira zimene udalemba.

Kudziletsa kumeneku kuli ndi mtengo wake, ndipo chitsanzo chake n'choseketsa. Mu 2004 bungwe la W3C, limene limakhazikitsa miyezo ya pa intaneti, lidavomereza chilankhulo chotchedwa OWL, chomangidwa pa description logics. OWL yoyambayo sinkatha kulemba mokwanira ubale wa munthu ndi mchimwene wa kholo lake, chifukwa ubalewo ndi unyolo wa maubale awiri. Adadzawonjezera njira yolumikizira maubale mu OWL 2, ya mu 2009. Akatswiri a masamu adatha zaka 5 asanapezere malume malo, pamene kwathu kuno ukwati sumangidwa popanda malume.

Kumene lusoli lagwira ntchito yaikulu ndi kuchipatala. Pali mtanthauziramawu wa zachipatala wotchedwa SNOMED CT, umene udatuluka mu 2002 ataphatikiza wa ku America ndi wa ku Britain. Uli ndi matanthauzo opitirira 300,000, ndipo maiko ambiri amaugwiritsa ntchito posunga mbiri za odwala. Mmenemo chibayo sichingokhala dzina chabe. Chimalembedwa kuti ndi matenda a kutupa, ndipo malo ake ndi m'mapapo. Kwina kudalembedwa kuti mapapo ndi mbali ya ziwalo zopumira. Ndiye mkulu wa zaumoyo akafunsa kuti ndi ana angati adwala matenda a ziwalo zopumira mwezi uno, kompyuta imawerengera ndi a chibayo omwe, ngakhale namwino sadalembe mawu oti ziwalo zopumira pakhadi la mwana aliyense.

Kodi makina otere salakwa? Amalakwa, ndipo kulakwa kwawo ndiko kwandichititsa kulemba nkhani ino. Padapezeka kuti SNOMED CT inkaika kudula chala m'gulu la kudula dzanja. Tangoganizani: munthu wadulidwa chala chimodzi ndi makina a kufakitale ku Makata, koma m'kaundula akuwerengedwa pamodzi ndi odulidwa dzanja. Mu 2008 Franz Baader wa ku Dresden ndi wophunzira wake Boontawee Suntisrivaraporn adaonetsa njira yolondolera cholakwa chotere. Adafunsa pulogalamu kuti itchule ziganizo zenizeni zimene zidaifikitsa pa mfundo yolakwikayo. Mwa ziganizo zikwi mazanamazana, idatulutsa zosakwana 10. Anthu adaziwerenga ndi maso awo n'kuona pamene olemba adasokoneza "mbali ya dzanja" ndi "dzanja lonse". Cholakwa chidali cha munthu, chidaoneka poyera, ndipo chidali chokonzeka.

AI yocheza nayo ija imagwira ntchito mwa njira ina. Idameza zolembedwa zankhaninkhani n'kuphunzira kuti mawu awa amakonda kutsatana ndi awa. Ndiye imalankhula mokoma, ndipo nthawi zambiri imalondola. Koma ikalakwa imalakwa ndi nkhope yowala yomweyo, ndipo mulibe chiganizo chimodzi m'kati mwake chimene ungachiloze kuti bodza lachokera apa. Ukaifunsa chifukwa, imakupangira chifukwa china chokoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Polemba kalata ya ntchito kapena uthenga wa chikondi palibe choopsa, mwini wake amawerenga n'kukonza. Koma pogamula kuti mwana uyu alowe msanga kapena adikire, ine ndikufuna makina amene angandionetse mapazi ake.

Pali khalidwe linanso la description logics limene ife a ku Blantyre tiyenera kulimvetsa kuposa wina aliyense. Kaundula wamba wa pakompyuta amaganiza ngati mlonda wa pageti: dzina lako likasowa pamndandanda ndiye kuti sukuyenera kulowa. Chimene sichidalembedwe amachitenga kuti kulibe. Description logics imati chimene sichidalembedwe sichikudziwika, basi. Kumbukirani March 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, madzi n'kukokolola katundu m'madera ambiri a mzinda uno. Mwa zimene zidapita ndi matope mudali mabuku a kuchipatala. Munthu amene thupi lake limadana ndi Bactrim, akamwa amatuluka zilonda thupi lonse, adagula buku latsopano loyera mbee. M'bukumo simudalembedwe kuti amadana ndi mankhwala aliwonse. Makina oganiza ngati mlonda anena kuti alibe vuto, mpatseni. Makina omangidwa bwino anena kuti sindikudziwa, mufunseni kaye. Pakati pa mayankho awiriwa pakhoza kukhala maliro.

Tsono nayi mbali yovuta. Makina amenewa amaganiza molondola, koma amaganizira pa matanthauzo amene apatsidwa. Ukawapatsa matanthauzo achilendo adzakugamulira molondola zinthu zachilendo. Bwererani ku chibale chija. M'Chingerezi mwana wa malume ndi mwana wa mayi aang'ono amatchedwa dzina limodzi. Kwathu woyambayo ndi msuweni, wochita naye nthabwala, amene makolo akale ankalola n'kukwatirana naye komwe. Wachiwiriyo ndi m'bale wako weniweni, mchimwene kapena mchemwali. Nawo mawu oti mlongo amasintha malinga ndi wolankhula: kwa mwamuna ndi mkazi, kwa mkazi ndi mwamuna. Pulogalamu yobwera ndi matanthauzo a ku London singaone kusiyana kumeneku, ndipo siidzadandaula, chifukwa m'bokosi mwake zonse zikugwirizana.

Kuchipatala nkhaniyi imakula. Mayi akati mwana ali ndi malungo, kawirikawiri akutanthauza kuti thupi latentha ndipo mwana walefuka. Dokotala akati malungo akutanthauza matenda obwera ndi udzudzu, opezeka poyeza magazi, ochizidwa ndi LA. Mawu ndi amodzi, magulu ndi awiri. Wolemba matanthauzo akawaphatikiza, mwana wa matenda oumitsa khosi adzalandira LA n'kubwerera kunyumba, chonsecho matenda amenewo amatha kupha m'tsiku limodzi. Kusokonezeka kotereku ndi chimodzi mwa zimene a Chipatala Robot ankalimbana nazo. Tengani mawu oti chifuwa: ndi chiwalo cha thupi, ndi kutsokomola, ukawonjezera "chachikulu" ndi TB. Chikuku ndi matenda a totupa pathupi la mwana, chikukunso ndi choyendera munthu wolumala. Ife timasiyanitsa pomva nkhani yonse. Kompyuta imafuna wina akhale pansi ailembere kuti awa ndi magulu osiyana, ndipo chosiyanitsa chake ndi ichi.

Wina ameneyo ndani? Makompyuta alipo kale m'zipatala zathu. Bungwe la Baobab Health lidayamba kuika makina odina ndi chala pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2001, ndipo pambuyo pake makinawo adafalikira m'zipinda zolandirira ma ARV, kuno ku Blantyre komwe. Kumene tikupita, makina otere adzachoka pongosunga mbiri n'kuyamba kulangiza. Anthu oti alembe matanthauzo tili nawo. Ku MUBAS kuli ophunzira za makompyuta. Ku KUHeS, chapafupi pomwepo, kuli madokotala ndi anamwino. Ku Zomba kuli Centre for Language Studies, imene idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Ndipo m'zipatala za Ndirande ndi Zingwangwa muli alangizi a zaumoyo amene amamva tsiku ndi tsiku mmene amayi amafotokozera matenda, kuti "akupuma ndi nthiti", "liwombo lalowa", "maso atembenuka". Mutu umodzi susenza denga. Magulu anayiwa atakhala pamodzi n'kulemba matanthauzo a zizindikiro za matenda a ana m'mawu amene amayi amalankhuladi, n'kuwalumikiza ku mayina a zachipatala, ingakhale ntchito yotsika mtengo kuposa msonkhano umodzi wa kunyanja, koma yokhalitsa.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuti a kolamu ino mwayamba kulota masana. Tanthauzo siligula mafuta a ambulansi, silibweretsa mankhwala m'famase, ndipo magetsi akazima kompyuta ndi bokosi chabe. N'zoona. Lamya ikanena kuti mwana uyu ndi wangozi koma galimoto yomutengera ku Queens palibe, mayi amabereka mwana n'kuthamangira minibasi monga kale. Komabe makina akubwera, tifune tisafune, ndipo ena mwa iwo azidzagamula za ife. Chimene tingasankhe ndi mtundu wa makinawo.

Nkhaniyi siithera kuchipatala. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, idakhazikitsidwa ndi tanthauzo lake la woyenera kulandira: banja losaukitsitsa komanso lopanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Limenelo ndi tanthauzo la magulu awiri olumikizidwa ndi mawu oti "komanso", lofanana ndendende ndi zimene zimalembedwa mu TBox. Tsiku limene kompyuta idzapatsidwe udindo wosankha maina pa ndondomeko ngati imeneyi, gogo wolera ana amasiye ku Bangwe amene dzina lake lasiyidwa ayenera kuuzidwa kuti ndi mbali iti ya tanthauzo imene sadaikwanitse. Mwina m'kaundula mudakali mwana wake wamwamuna amene adapita ku Joni zaka 6 zapitazo osatumizako ngakhale sopo. Chifukwa chikatchulidwa, gogo akhoza kutsutsa, mfumu ya m'dera n'kuchitira umboni, cholakwa n'kukonzedwa. Chifukwa chikabisika, gogo amangouzidwa mawu aja amene tonse tidawamvapo pawindo la ofesi ina yake: kompyuta yakana.

Kompyuta siikana yokha. Pali munthu amene adailembera lamulo, kapena pali zolembedwa zimene idaphunzirapo. Choncho pempho langa kwa aphungu athu, makhansala ndi akuluakulu ogula makina a boma ndi ili: pulogalamu iliyonse yogamula za thanzi, thandizo kapena ufulu wa munthu izibwera ndi matanthauzo ake olembedwa poyera, m'Chichewa ndi m'zilankhulo zathu zina, ndipo izitha kutchula ziganizo zimene yatsata pa chigamulo chilichonse. Wogulitsa akati makina ake ndi anzeru kwambiri moti sangafotokoze, abwerere nawo. Luso lofotokoza lilipo kuyambira zaka zoposa 40 zapitazo, ndipo maiko ena akuligwiritsa ntchito m'zipatala zawo.

Kwa inu achinyamata amene mukuphunzira za makompyuta, musathamangire zocheza zokhazokha. Yesani ntchito iyi kumapeto a sabata: khalani ndi agogo anu, lembani mayina onse a chibale, mlamu, mpongozi, mdzukulu, nkhoswe, mwinimbumba, ndipo lililonse mulipatse tanthauzo losasiya mpata. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Protégé, yopangidwa ku yunivesite ya Stanford, imene mungalembemo matanthauzowo n'kuiuza iwayeze. Mudzadabwa kuona mmene mawu amene mumawatchula tsiku lililonse akuvutira kuwamanga, ndipo mudzapeza kuti agogo a Chilomwe ndi agogo a Chingoni sagwirizana pa ena mwa iwo. Mukafika pamenepo musafufute mbali imodzi kuti kompyuta isangalale. Lembani zonse ziwiri, chilichonse ndi eni ake.

Kwa ife tonse otsala, chida chathu ndi funso. Safunsa adadya phula. Mukauzidwa kuti makina anena zakutizakuti za inu kapena za mwana wanu, funsani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti anena choncho chifukwa chiyani, ndipo adalemba lamulo limenelo ndani.